Swala pa Sitima ya Eni

Chinyamukireni ku Luxor, mayi Awatef anali asanagone tulo tokwana. Sitima inkayenda phee pamtsinje, bedi linali lofewa kuposa la kwawo ku Minya, koma iwo ankagona khutu limodzi lili tcheru, kumvetsera ngati amuna awo, a Haji Shehata, adzuka n'kuyamba kupapasa khoma kufuna chitseko pamalo opanda chitseko.

Matendawa anabwera mozemba. Munthu amene anaphunzitsa Chiarabu kusekondale mpaka imvi, wodziwa mayina a ana asukulu ndi a makolo awo omwe, tsiku lina anagwira supuni n'kuiyang'ana nthawi yaitali, dzina lake osabwera. Atazindikira chimene chinkawachitikira, anagwira dzanja la akazi awo kukhitchini nati, "Mayi ake Rehab, ana asamve. Asamandiyang'ane ndi maso achisoni." Mayi Awatef anavomera, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yawo inakhala yonong'oneza. Mlendo akamabwera potero, ankafulumira kumutchula dzina mokweza. Foni ikalira, ankaiphimba kaye ndi chikhatho n'kunena kuti, "Ndi Rehab, mwana wanu wamkulu, wa ku Cairo," kenako n'kupereka.

Kunyumba zinkatheka. Koma Rehab yemweyo anagula ulendo wa pasitimawu kuti makolo ake akaone akachisi akale, amene alendo akutali amadzaona pomwe eni dziko akungowamvera m'mabuku. Pokanira panalibe. Ndiye tsopano anali atatu patebulo limodzi, m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo Rehab anatenga maso a bambo ake, maso osaphonya kanthu.

"Ababa, bwanji mwangoti zii masiku ano?" anatero pa chakudya chamasana. "Kale tikamadya wayilesi munali inu. Munthu sunkameza inu musanalakatule ndakatulo."

A Haji anamwetulira n'kuyang'ana akazi awo.

"Bambo ako atopa ndi ngolo za ku Edfu zija," anayankha mayi Awatef, uku akunyema buledi n'kumuika kumbali imene dzanja la amuna awo linazolowera. "Kavalo uja anatigwedeza ngati tamulakwira."

"Kavalo wake uti? Mafupa okhaokha aja? Ine ndinatsala pang'ono kutsika kuti ndimubereke."

"Idya denje lako likuzizira."

"Amayi, inu ndiye mwaonda. Ulendowu ndinagulira inu kuti mupume, koma mukungoyenda pambuyo pa Ababa ngati wapolisi. Ku Karnak munaonako chiyani? Nenani zoona."

"Ndinaona zipilala."

"Munaona msana wa Ababa! Lero ku Kom Ombo ndikugwirani dzanja. Kuli ng'ona zoumitsa, zakale kuposa agogo a agogo athu. Ababa, auzeni apite."

"Apite," anatero a Haji mofatsa. Masiku amenewo ankavomera chilichonse chonenedwa ndi mawu okoma.

Atatha kudya, a Haji anagona tulo tawo tamasana, pakamwa pali yasa, manja ali pachifuwa. Mayi Awatef anakhala m'mphepete mwa bedi akuwayang'ana. Miyendo inkawalemera ngati ya eni. M'khonde munkamveka kangolo ka bambo Dahab, wokonza zipinda, munthu wachikulire wa kumtunda kwa Aswan amene ankayenda mokoka mwendo. Ameneyu tsiku ndi tsiku ankapinda matawulo kukhala ng'ona kapena tsekwe n'kusiya pabedi. M'mawa wina anapeza a Haji akuyesa zitseko za eni ake m'khondemo, ndipo madzulo ake pachogwirira cha chitseko chawo panali patamangidwa kansalu kobiriwira. Sananene kanthu, mayi Awatef nawonso sanafunse. Anangowonjezera dzina la Dahab m'mapemphero awo.

Rehab atagogoda, chipewa chili kumutu, bambo Dahab anali chapomwepo.

"Pitani, mayi," anatero motsitsa mawu. "Ine ndili m'khonde muno mpaka dzuwa litalowa. A Haji akadzuka ndiwapangira tiyi, tizikakambirana za ndale mpaka mubwere."

"Mulungu akusungireni ana anu," anatero mayi Awatef. Anaika nsapato za amuna awo pansi pa mpando, poti mwina akapanda kuziona satuluka, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Pa Kom Ombo doko ndi laling'ono, sitima n'zambiri, choncho zimaima zitagundana nthiti, ina pambali pa inzake kulowera pakati pa mtsinje. Kuti munthu afike kumtunda amadutsa m'kati mwa sitima za eni, khomo ndi khomo, ndipo zonse zimafanana: makalapeti ofiira, magalasi, mnyamata wa tayi pakauntala. Mayi ndi mwana anadutsa momwemo mpaka anaponda nthaka.

Kachisi anali pachitunda, pamwamba pa madzi penipeni. Wolondolera alendo ankalankhula mosapuma, akuloza zithunzi zosema pakhoma ndi kandodo. Anawaonetsa pamene anthu akale anajambula zida za asing'anga awo: timipeni, timbano, masikelo. Mayi Awatef anayang'ana zidazo chimodzichimodzi, n'kuganiza mumtima kuti ngakhale awa analibe chida cha mutu woiwala. Kenako anakhala pamwala wofunda. Rehab anawagulira madzi a chidede ozizira. Anamwa pang'onopang'ono, ndipo kwa kanthawi manja awo analibe chogwira, makutu awo analibe chomvetsera. Kutsidya kunali minda ya nzimbe, munthu akubwerera kwawo pabulu. Anachita manyazi pozindikira kuti sakufuna kudzuka.

"Mwaona? Simunafe," anatero Rehab. "Tiyeni ku ng'ona."

Ng'onazo zinali m'kanyumba kozizira, zitagona pamchenga, zakuda ngati nkhuni zopserera. Potuluka, dzuwa linali litafiira.

Pobwerera anapeza sitima zasinthana malo, monga zimachitira pamene zofulumira kunyamuka zikudzikonzera njira. Yawo, imene inali kunja kwenikweni, tsopano inali pakati. Atafika m'khonde lawo, mayi Awatef anaona kansalu kobiriwira kaja kali lende pachitseko chotsegula, ndipo bambo Dahab akubwera chothamanga, mwendo ukukokeka.

"Mayi," anayamba, koma ataona Rehab anameza mawu.

Mayi Awatef anasuzumira m'chipinda. Bedi linali lopanda munthu. Pansi pa mpando panalibe nsapato.

"Bambo ako akwera pamwamba kukaona dzuwa likulowa," anatero kwa Rehab. "Kawatengere kajuzi aka, kunja kwayamba mphepo."

Rehab atakhota pamakwerero, bambo Dahab anagwira mutu.

"Anandiitana kukagwira thabwa lowolokera pamene timasuntha sitima. Kanthawi kochepa, mayi, ndikulumbira! Ndayang'ana pamwamba, modyera, m'zimbudzi. Nkhope yanga ndiibisa kuti?"

"Simunalakwe, bambo. Mwendo wanuwo mwauvutitsa kale."

Mayi Awatef anaima pakhondepo. Kumanzere kunali sitima zolowera kumtunda, ndipo kumtundako kunali msika wa nsalu, ngolo, misewu, mdima ukubwera. Kumanja kunali sitima imodzi yokha, yakunja, injini yake ikulira kale. Kupitirira imeneyo kunali madzi. Milomo yawo inkayenda yokha: Ambuye, Inu mukumuona pamene ali, ine sindikumuona.

Pamenepo anazindikira kuti mawu oitanira ku swala ya Magharibi, pemphero la dzuwa litalowa, amene ankamveka kuchokera kumzikiti wa kumtunda pamene iwo ankatsika chitunda, anali atatha. A Haji ankaiwala supuni, ankaiwala dzina la mwana, koma mawu amenewo akamveka miyendo yawo inkadzuka yokha.

"Antchito amaswalira kuti?"

"Kumbuyo, pafupi ndi injini. Koma kwathu ndafikako, kulibe."

"Nanga a sitima iyo?"

Bambo Dahab anayang'ana khomo la kumanja. Linali lotsegulabe, koma anyamata awiri anali atagwira kale kathabwa kolumikiza sitima ziwirizo.

"Mayi, iyo ikunyamuka."

Mayi Awatef anakwinya mkanjo wawo n'kuponda pathabwapo.

"Hajiya, kuno si kwanu!" anakuwa mmodzi wa anyamatawo. "Tikumasula zingwe!"

"Masulani, mwanangu. Ndionetse kumene mumaswalira."

Mnyamatayo anayang'ana nkhope yawo, n'kuloza kakhomo kakang'ono kuseri kwa kauntala. Anadutsa m'kanjira kopapatiza, konunkha anyezi wokazinga ndi dizilo, n'kupitirira khitchini kumene mapoto ankabwata opanda wowayang'anira. Pakhomo lotulukira kumbuyo panali mulu wa nsapato: majombo, masilipasi, nsapato zakuda za operekera zakudya. Pakati pake, zitayalidwa bwinobwino moyang'ana kunja, panali nsapato zofiirira zopondedwa zidendene.

Zinali nsapato za amuna awo. Anagwira chitsulo cha pakhomo.

Pabwalo lakumbuyolo, pakati pa zingwe zokulunga ndi mabotolo a gasi, amuna anali ataima pamzere, phewa ndi phewa, pamikeka ndi pamakatoni oyala. Ophika ndi ma epuloni awo, wa ku injini ndi manja akuda, operekera zakudya malaya oyera. Ndipo kutsogolo kwawo, yekha, kunali a Haji Shehata. Mayi Awatef anamvetsa mmene zinachitikira. Munthu wa ndevu zoyera, wa chipsera cha swala pamphumi, akafika pamene anthu akuima pamzere, palibe amamufunsa kuti ndinu a chipinda chiti. Amangomukankhira kutsogolo mwaulemu kuti atsogolere.

Mawu awo ankamveka bwino, mawu a m'kalasi aja, olemera, osathamanga. Chapambali, mpata wa madzi pakati pa sitima ziwirizo unali usanakule. Akanati athamange, kuwagwira mkono n'kuwakoka, mwina akanawoloka. Akanapeza Rehab akutsika ndi kajuzi, n'kumuuza kuti bambo ako anapita kukacheza ndi anzawo, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ndani amakoka munthu pa swala, ndiye wotsogolera anzake? Anaima pomwepo.

Atamaliza sura yotsegulira, mutu woyamba wa buku loyera, a Haji anayamba ina, yaitali, imene ankaikonda kale. Anayenda nayo ndime zingapo, kenako mawu anaduka.

Kunangoti zii. Injini yokha.

Mayi Awatef ankawadziwa mawu otsatirawo. Anali kale palilime pawo, monga mmene dzina lililonse linkakhalira palilime pawo chaka chonsechi. Anaona zala za amuna awo zikugwirana pamimba. Anatsegula pakamwa.

Koma mawuwo anatuluka kwina. Munthu wonenepa wa epuloni, woima kumbuyo kwenikweni kwa a Haji, anawatchula motsitsa, maso ali pansi, monga amachitira aliyense woswali pambuyo pa imamu, wotsogolera swala, akaphonya. A Haji anawatola n'kupitiriza. Patsogolo pang'ono anaimanso. Ulendo uno anawapatsa ndi wina, wa kumapeto kwa mzere, wa mawu opyapyala. Ndipo pamene anafuna kuimirira pamalo oyenera kukhala, mawu angapo ananena pamodzi mofatsa kuti, "Subhanallah," iwo n'kukhala. Palibe anatembenuka. Palibe anakhosomola kapena kugwedeza mutu. Mzere wonse unkawerama nawo, kugwetsa nawo mphumi pansi, kudzuka nawo, ndipo pamene iwo aperewera wina ankangoikapo.

Mayi Awatef anatseka pakamwa pawo. Anamva misozi ikutsikira m'mbali mwa mphuno, ndipo sanaipukute. Sitima inagwedezeka, hutala inalira. Mpata wa madzi uja unakula, n'kusanduka mtsinje. Kutsidya, pasitima yawo, anaona bambo Dahab atagwira chitsulo cha m'mphepete, ndipo pamwamba pake kamunthu ka chipewa kakuyenda uku ndi uku, kajuzi kali m'manja.

Swala itatha, a Haji anatembenuka n'kuyang'ana amunawo mmodzimmodzi, nkhope ili yowala.

"Mwachita bwino, ana inu," anatero. "Koma iwe wakumapeto, usamameze zilembo. Uli kalasi yanji?"

Wa mawu opyapyala uja, bambo wa ndevu zake, anayang'ana anzake. Wonenepa wa epuloni ndiye anayankha, osaseka.

"Ameneyo ndi wobwereza, aphunzitsi. Chaka chino tikamukoka makutu." Anapsompsona a Haji pamutu, kenako anaona mayi ataima pakhomo. Anabwera akupukuta manja. "Ndine Saber, wophika wamkulu muno. A Hajiwa ndi anu?"

"Ndi amuna anga. Ndife a sitima iyo." Analoza magetsi amene ankachepera kumbuyo. "Tikhululukireni, bambo. Iwowa..."

"Bambo anga anali chomwechi," anatero bambo Saber, mawu ali pansi. "Ankanditcha dzina la mchimwene wawo mpaka tsiku lomaliza. Musapepese, Hajiya." Kenako anakweza mawu kuti onse amve. "Ndiye mwathawa mphodza za sitima ija eti? Simunalakwe! Wophika wa kumeneko ndimamudziwa, mchere amauopa ngati apongozi ake. Tonse tikupita ku Aswan, m'mawa tikaima nthiti ndi nthiti, mukawoloka ngati mmene munabwerera. Iwe, uza a pakauntala aimbire anzawo kuti alendo awo ali kuno. Ndipo ubweretse mipando iwiri, osati wothyoka uja!"

A Haji anayang'ana akazi awo nthawi yaitali, kenako anamwetulira mwaulemu, kumwetulira kopatsa mlendo.

"Mayi, mwabwera kudzatenga mwana wanu?"

"Ndabwera kudzatenga inu, bambo ake Rehab."

"Oho," anatero, n'kulola kuti awaveke nsapato.

Foni inalira m'chikwama. Mayi Awatef anapita nayo pakona, pafupi ndi zingwe. Dzanja lawo, mwachizolowezi, linafuna kuiphimba.

"Amayi! Muli kuti? Akuti muli pasitima ina! Mwapenga kodi? Ababa ali kuti? Ine ndazungulira pamwamba ponse ngati chitsiru, kajuzi kali m'manja!"

Bodza linali lokonzeka kale, losalala: anakumana ndi wophunzira wawo wakale, macheza anakoma, sitima inanyamuka. Anayang'ana amuna awo. Bambo Saber anali atawakhazika pampando n'kuwapatsa thireyi ya mpunga kuti azisankha timiyala, ndipo wa ku injini uja ankawathirira shuga mu tiyi, akuwafunsa ngati akwana. Anakumbukira dzanja lija kukhitchini kwawo, ndi lonjezo lawo. Mundikhululukire, bambo ake Rehab, anatero mumtima. Maso achisoni amene munkawaopa aja, pano sindinawaone.

"Ali bwino, ali pompano," anatero. "Rehab, khala pansi. Bambo ako akudwala, mwanangu. Akuiwala. Zinayamba chaka chatha. Nthawi zina sadziwa kuti ine ndine yani. Anandipempha kuti ana asamve, ndiye ndinakhala chete." Anatsitsa mawu. "Ndatopa, Rehab."

Mbali inayo kunkamveka nyimbo za modyera za sitima yawo.

"Dzulo ananditcha 'mayi'," anatero Rehab pomaliza, mawu atasintha. "Ndinkayesa akuseka." Anafwenthera. "Chaka chonse nokha? Amayi, inu ndinu munthu wotani? Ife tinafa kodi?"

"Usandikalipire lero. Udzandikalipire mawa."

"Mawa ndikukalipiranidi, musaganize kuti ndiiwala." Kenako anafunsa, "Adya?"

"Akuwakonzera."

"Mankhwala awo a magazi aja ali kuno. Ndi a m'mawa, eti?"

"A m'mawa. Kapilitsi koyera kaja, akatha kudya."

"Chabwino. Mvetserani. Tikafika ku Aswan, inu mukagona. Sindikufuna kumva za kachisi, za bwato, za chiyani. Ababa ndikhala nawo ine. Mundiuze zimene ndizinena akasokonezeka."

Mayi Awatef anamva mawu okana akukwera okha: ayi mwanangu, iwe unabwera kudzapuma, ndikwanitsa. Anawabweza.

"Chabwino," anatero. "Uziyamba ndi kutchula dzina lako."

Atatseka foni, anapempha madzi n'kusamba kumaso, m'manja ndi kumapazi, chifukwa nthawi ya Magharibi inali isanathe. Bambo Saber anakung'untha mkeka umodzi n'kuwayalira kuseri kwa mabotolo a gasi, kumene amuna sadutsa. Mkekawo unali wofundabe. Anaswali pang'onopang'ono, osamvetsera kumbuyo. Pomaliza anatchula mayina: Shehata, Rehab, Dahab ndi mwendo wake, Saber ndi malemu bambo ake, ndi uja wa mawu opyapyala amene dzina lake sanalidziwe.

Anati akhale pang'ono chabe, msana atatsamira khoma lofunda la injini. M'mphepete mwa mtsinje migwalangwa inkadutsa, yakuda pathambo lofiirira. Chapafupi ankamva a Haji akufotokozera ophika kusiyana kwa ndakatulo zakale ndi zamakono, akumasokoneza mayina, wina n'kumavomera kuti, "Zoona, aphunzitsi."

Bambo Saber atabwera ndi mbale ya mphodza zotentha ndi ndimu pambali, anapeza mayi Awatef atagona chokhala, mutu utapendekera paphewa. Anavundikira mbaleyo ndi ina, n'kuuza anyamata kuti asamenyetse mapoto.